Mzere Wofiira wa kwa Kafumbe

Dowa, Lachisanu masana

Talandira mwana wanga,

Pamene ndikulemba pano uli ku Malomo kotsanzikana ndi azakhali ako, ndipo ndikuwadziwa: sakutaya mpaka dzuwa lipendeke, mpaka akuthire m'chikwama mtedza umene achitetezo akakulande mawa pabwalo la ndege. Bola choncho, ndapeza mpata. Sutikesi yako ili yasa pakama, bambo ako akulimbana ndi zipi yake kachitatu tsopano, ine ndathawira pakhonde ndi kope la kuntchito. Kalatayi ndiilowetsa m'thumba la jekete lija tinakugulira pakaunjika ku Dzaleka. Ukaipeza uli m'mwamba. Ndikanakuuza pamaso, koma ukundidziwa mayi ako, nkhani ndimaiyambira kumchira, pomwe iyi ikufunika kuyambira kumutu.

Choyamba undilole ndilulute kaye, ngakhale papepala. Mwanawe, ukupitadi! Ndege zija unkaziloza uli kumsana kwanga, zikutsikira ku Lumbadzi, mawa imodzi ikunyamula iweyo. Sabata ino palibe amene wandipulumuka. Ndauza amayi a kutchalitchi, ndauza a kuchigayo, ndauza ndi kondakitala wa minibasi amene anangondifunsa kotsikira. Ndikuti, mwana wanga akupita ku Ulaya kukatenga digiri yachiwiri ya za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kondakitalayo akuti, "Mayi, ngozi mpaka kukaziphunzira ku Ulaya? Angokwera minibasi yathuyi sabata imodzi, satifiketi timupatsa ife." Ndinaseka mpaka kupitirira siteji.

Ndisakunamize, kansanje kaliponso. Ndinakubereka ndili Folomu 4, anthu n'kumati za Nabanda zathera pomwepo. Ndinabwerera kusukulu iwe ukuyamwa, ndinagwira choko ku pulaimale zaka khumi, ndipo gauni ya digiri ndinaivala chaka chimene iwe unkalemba mayeso a Folomu 4, tikulimbirana tebulo limodzi. Ndiye ukamandiona ngati gogo wopereka malangizo, ukulakwa. Ndine mnzako wa m'kalasi amene anangotsogolako pang'ono, ndipo magazi akundiwirabe. Ndatopa n'kuona chaka ndi chaka madenga a sukulu akuuluka, matalala akuboola fodya, milatho ikupita, ife n'kumafika ndi mabulangete zinthu zitaonongeka kale, ngati kuti mvula ndi mlendo amene sitinamumvepo. Ndikufuna zisinthe ndikuona ndi maso angawa. Mafomu anga ofunsira digiri yachiwiri chaka chamawa ndayamba kale kudzaza, usaganize kuti wandisiya. Bambo ako akuti, "Amake Tala, inu ndi njinga yopanda mabuleki, ndipo mwabereka inzake." Sakunama. N'chifukwa chake ndikulemba.

Lachiwiri lapitali unandiitana kuti ndione pa laputopu ndondomeko ya kafukufuku wako, ija inakupezetsa malo. Ukufuna kuti madzi akamabwera, mafoni a m'midzi ya m'zigwa azilira, n'kumauza anthu njira yothawira. Nzeru yabwino, ndipo ndikanakonda ikanakhala yanga. Kenako unatsegula mapu a kwa Kafumbe, mzere wofiira uli tyoo kuchoka pamudzi kukafika kusukulu. Unati, "Amayi, taonani, chitsanzo changa ndi lipoti lanu lija. Ndakutchulani dzina pa tsamba lachitatu." Ukukumbuka kuti ndinadzambatuka n'kunena kuti nyemba zikupserera? Pamoto panalibe nyemba, mwanawe. Mzere umenewo ndi wolakwika. Unatsala pang'ono kupha mayi ndi khanda lake, ndipo lipoti limene wamangirapo ntchito yako silinena zimenezo. Ndinaujambula ndine, ndinabisa ndine. Khazikika pampando wa ndegewo, ndikuuze mmene ndinafikira pamenepo.

Ntchito yanga yoyamba nditasiya choko inali ya kabungwe kena kothandiza midzi kukonzekera ngozi, ndipo ananditumiza kwa Kafumbe, cha ku Msakambewa. Ndinafika ndi mapepala akuluakulu, zolembera zamitundumitundu, ndi mutu wodzaza mawu a m'kalasi. Msonkhano ndinauitanitsa Lachitatu m'mawa, mwezi wa Epulo, osafunsa munthu. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira eyiti koloko. Zinabwera ndi nkhuku zokha. Mudzi wonse unali m'zigafa, kusankha fodya ndi kudinda mabelo, poti lole imabwera Lachisanu. Ine ndinalowa chigafa ndi chigafa ndikuomba m'manja: "Fulumirani, fulumirani, nthawi!" Dzina linagwira pomwepo. Mpaka lero kwa Kafumbe ukati Nabanda sakumudziwa, koma ukati Madamu Fulumirani ngakhale mbuzi zimatembenuka. Tala, kalendala ya mlimi siili pakhoma, ili m'manja mwake. Ukafika pamudzi, yang'ana kaye chimene manja a anthu agwira. Tsiku limenelo ndikanangokhala pamkeka n'kuthandiza kusankha fodya, msonkhano ukanachitikira momwemo.

Kodi ndinatolapo phunziro? Ayi ndithu. Mwezi wotsatira ndinabwera ndi mawenzulo, kuti madzi akamadzadza woona msanga aimbe. Ndinagawa, ndinajambula zithunzi, ndinalemba kuti mudzi tsopano uli ndi chochenjezera. Tsiku loyeserera, wapampando wa komiti yathu ya ngozi, a Mwale, anaimba wenzulo mwamphamvu monga ndinawalangizira. Amayi anatulukadi m'nyumba chothamanga, mtima wanga n'kuti myaa. Koma ndikungoona akumanga zitenje m'chiuno, akupanga bwalo, wina wayambitsa kale nyimbo. Kumeneko wenzulo ndi wa chimtali ndi mganda, mwanawe! Ine ndikukuwa kuti madzi, madzi, iwo akuti, "Lowani m'bwalo, Madamu, tione ngati digiri imadukula." Ndinavina, nanga ndikanatani? Gule atatha, mayi wina wa pakamwa pakuthwa, a Nachisale, anandikokera pambali. Anati, "Mukafuna tithawe, menyani limu ya galimoto ija ili pamango, imene timamenya nyumba ikapsa. Imeneyo ndiye imatidula mtima." Limuyo inali pamenepo zaka zonse, ikulendewera pamwamba pa mutu wanga, pamtengo womwe ndinkadikirirapo msonkhano. Usakabweretse chatsopano usanafunse chimene chilipo kale. Ndipo mafoni akowo, ukafunse kaye kuti masana foni ya pabanja imakhala m'thumba mwa ndani, nanga mwini thumbayo amakhala ali kuti mvula ikamagwa.

Ku Dzaleka nako ndinakadzivula chitenje. Ananditumako tsiku limodzi, ndipo ndinaima pamaso pa amayi othawa kwawo n'kumawaphunzitsa zoyenera kunyamula pothawa. Ndinalemba mndandanda wautali pabolodi. Mayi wina wogulitsa chapati anapisa dzanja m'bulauzi, n'kutulutsa kajumbo ka shuga kokulungakulunga. M'katimo munali zikalata za banja lonse, mankhwala a mwana, ndi chithunzi chimodzi. Anafunsa m'Chichewa chake chopindika, "Mama, ine ndathawa katatu. Inu kangati?" Ndinafufuta bolodi n'kukhala pansi. Kumene ukupitako ukapeza mapulofesa a mabuku ambiri, ukawamvere, ukawayamwe nzeru mpaka ziume. Koma mapulofesa ena amagulitsa chapati, usadzawadutse.

Tsopano za mzere. Mudzi wa Kafumbe uli m'chigwa, mtsinje kutsogolo, phiri kumbuyo. Malo okwera oti anthu n'kuthawirako ndi pasukulu, pamsana pa phirilo. Njira ya masiku onse yopita kumeneko ndi yokhota: imatsata mtsinje, n'kuwoloka khwawa limene limatsika m'phirimo, kenako n'kukwera. Chilimwe khwawalo limakhala louma, ana amaseweramo. Dzinja limadzadza pa kamphindi, madzi ofiira okunkhuniza miyala. Ndinaona kuti njira imeneyo si yothawira, ndipo pamenepo ndinalondola. Ndiye ndinatsegula chithunzi cha m'mwamba pa laputopu, mu ofesi ku boma, kapu ya tiyi ili pambali. Ndinaona kamsitu kobiriwira pakati pa mudzi ndi sukulu. Ndinati eya, mitengo imeneyi idzawatchingiranso mvula. Ndinakoka mzere wofiira, tyoo, kudutsa pakatikati pa kamsituko. Mphindi ziwiri ntchito yatha. Phazi langa linali lisanapondeko.

Pamsonkhano wosonyeza mapuwo panali alendo a ku Lilongwe, galimoto ziwiri zoyera. Nditatambasula pepala, abambo onse anayang'ana pansi. Amayi anayang'anizana. A Mwale anatsokomola, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "Madamu, njirayi tiiganizirepo kaye." Ndinati, "A Mwale, mvula siganizira. Nthawi palibe." Alendo anaseka, anthu anaomba m'manja, ine n'kumati agwirizana nazo. Tinakhoma chikwangwani pamphambano, muvi wofiira ukuloza kumsitu. Tsiku loyeserera kuthawa ndinakaima kusukulu ndi wotchi ya pafoni. Ndinkayembekezera kuti afika m'mphindi khumi ndi ziwiri. Anafika patatha mphindi makumi anayi, ali wefuwefu. Ndinawakalipira ngati ana a Sitandade 3. Funso limodzi lokha, loti mwadzera kuti, sindinalifunse. Anali atadzera kukhwawa, Tala, poti tsiku limenelo kunali kouma. Njira uziiyenda ndi mapazi ako. Usadzaime kumapeto ndi wotchi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Febuluwale wotsatira, iwe uli chaka choyamba ku koleji, mvula inagwa m'phiri masanasana, pamudzi pakungowaza. Abambo anali kuzigafa za kumtunda kosoka fodya. Pamudzi panatsala amayi, ana ndi nkhalamba. Mtsinje utayamba kulowa m'makomo, wina anamenya limu, ndipo onse anathamanga mpaka pamphambano. Muvi wanga unali pomwepo, wofiira, ukuloza kumsitu. Anaima. Kenako anatembenukira kukhwawa. Oyamba anawoloka madzi ali m'mawondo, apakati ali m'chiuno, atalumikiza zitenje ngati chingwe. A Nachisale anatsalira kumbuyo kukankha nkhalamba, khanda la miyezi inayi lili kumsana. Pamene ankalowa iwo, chitsa chinatsika ndi madzi n'kuwamenya m'nyonga. Anakokoloka mpaka anakakodwa pa tsinde la nsungwi. Anagwira nsungwizo ndi dzanja limodzi, linalo atakweza mutu wa mwana pamwamba pa madzi, kufikira abambo anatsika n'kuwavuula. Mwana anapulumuka. Mwendo wa mayi sunabwerere mwakale.

Ine ndinafika m'mawa mwake ndi kamera. Ndinawerenga anthu pasukulu, onse amoyo, n'kupita kuchipatala. Pakhomo la wodi ndinapeza a Mwale. Ndinayamba ndine kukalipa: "Chikwangwani chili apo, muvi uli apo, anthu anu anapitiranji kukhwawa?" Anatsitsa mawu n'kuti, "Madamu, kamsitu kaja ndi kumanda. Ndiponso ndi dambwe lathu, kumene gule amatulukira. Mkazi salowako, mwana salowako, ngakhale mwamuna wosalowa gule sapondako." Ndinati, "Nanga bwanji simunanene?" Anati, "Pagulu? Pamaso pa amayi ndi ana, ndi alendo anu a galimoto zoyera? Zimenezo sizitchulidwa pamsonkhano. Ndinati tiganizirepo, inu munati nthawi palibe. Mukanangoti a Mwale tiyeni tiyende, mapazi angawa akanaima okha pamphambano, ndipo inu mukanafunsa."

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti ndinkadziwa. Inde ndinakulira pamishoni, mwana wa mkulu wa mpingo, koma ndine Mchewa wa m'mapiri a Ntchisi omwewa. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti m'dziko limene zigafa zinadya mitengo yonse, ukaona mitengo ikuluikulu yaima pamodzi nkhwangwa osaikhudza, pamenepo pagona anthu. Ndikanaona kamsituko ndili panjinga, ndikanatsitsa mawu ndekha. Koma pagalasi la laputopu kanali kadontho kobiriwira chabe. Digiri inandikweza m'mwamba mpaka kwathu ndinakuona ngati mbalame, ndipo mbalame sidziwa kumanda. Iwe ukupita kukakwera pamwamba kuposa pamenepo, mwanawe, ndipo ndikukondwera nazo. Kwera. Koma uzitsika.

Kenako ndinalemba lipoti. Ndinalemba kuti chenjezo linamveka, anthu onse anafika pasukulu, palibe anamwalira, mmodzi anavulala. Mawu aliwonse mmenemo ndi oona. Koma sindinalembe njira imene anadzera, ndipo mapu ndinawasiya momwemo ndi mzere wake. Ndinadziuza kuti ndidzakonza mwakachetechete. Mabwana analiyamikira lipotilo, analiika pa intaneti, anandikweza pantchito n'kundisamutsira ku boma. Kwa Kafumbe sindinabwerereko, zaka zisanu. Ndikamapita ku Msakambewa ndinkauza wa njinga yamoto kuti adzere njira ina. Ndinkaopa kuti ndikanena zoona adzati, mwaona, digiri ya ukuluukulu, mphunzitsi wa pulaimale angadziwe chiyani za ngozi. Ndinkafunitsitsa kukwera, Tala, monga ukufunira iwe. Ntchito yathuyi bodza lake silikhala lonena zabodza, limakhala losiya chiganizo chimodzi. Ndipo chiganizo chosiyidwacho sichifa. Changa chadikira zaka zisanu n'kudzandipeza pa laputopu ya mwana wanga, chikukonzekera kulowa m'mafoni a anthu.

Dzulo ndinakuuza kuti ndikupita ku msonkhano wa kuntchito. Ndinapita kwa Kafumbe. Chikwangwani chilipobe pamphambano, penti yasuluka koma muvi ukuonekabe. A Nachisale ndinawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya, kheni kudzanja limodzi, ndodo kudzanja linalo. Anandizindikira ndili patali.

"Eee! A Madamu Fulumirani! Mvula isanagwe n'komwe? Kapena mwabwera ndi wotchi ija?"

Ndinagwada m'matope momwemo, siketi ya ku ofesi ndi zonse. Ndinati, "Mayi, ndinakulakwirani. Mzere uja ndinaujambula osayenda, ndipo zimene zinakuchitikirani sindinazilembe. Pepani."

Anatsitsa kheni. Anati, "Pepani wa zaka zisanu? Ameneyo wafumbwa ngati chimanga chogonera. Komabe chofumbwa sititaya, timapeta. Dzukani, mukundipondera mbande. Chakubweretsani n'chiyani? Inu simuyenda chabe."

Ndinawauza za iwe, za sukulu yako, za mafoni, ndi kuti mapu anga ali m'chikwama chako. Anagwira pakamwa. "Ndiye foni izidzatiuza kuti thamangirani kudambwe? Mayo ine! Mwana wanuyo ndi wofulumiranso?"

Ndinati, "Kuposa ine."

"Ambuye atichitire chifundo. Tiyeni. Nsapato zanu zazitalizo mugwire m'manja. Muziyenda pambuyo panga, osandipitirira. Mwendo uwu ndiye wotchi yanu lero."

Tala, ine mayi ako, amene sindinayendepo pambuyo pa munthu chibadwire, ndinayenda pambuyo pa ndodo imeneyo. Ndipo taona zimene ndinapeza: njira yachitatu ilipo! Imayambira kuseri kwa chigayo, imadutsa pakati pa msitu ndi khwawa osakhudza chilichonse mwa ziwirizo, imalowa m'munda wa a Mwale, n'kukatulukira kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Amayi anaipeza okha chaka chotsatira chigumula chija. Pachithunzi cha m'mwamba siioneka, poti chaka ndi chaka khasu limaifafaniza. A Nachisale ankaima n'kumandiloza: apa pamaterera, nkhalamba imafuna woigwira, apa pali una waukulu pansi pa udzu, apa mwana wamng'ono umunyamule. Tinafika pasukulu patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu, pa liwiro la munthu wa ndodo. Inde ndinayang'ana wotchi mobisa, usandiseke. Ndipo liwiro limenelo ndilo loona. Njira yothawira uziiyeza ndi mwendo wa wotsalira kumbuyo, osati wa wothamanga.

Vuto lake n'limodzi. Dzinja m'mundamo mumakhala fodya, ndipo fodya wa mwini sapondedwa. Chaka chilichonse amayi akadutsamo pamakhala mlandu, moti ena amaopa, makamaka akazi obwera kudzakwatiwa amene sadziwa za kale, amangokhulupirira chikwangwani mpaka wina awakoke dzanja. Mwamwayi a Mwale tinawapeza m'mundamo akuunga mizere. Imvi zachuluka koma chipewa ndi chomwe chija. Ndinayamba kuyala mfundo zanga, yoyamba, yachiwiri, koma a Nachisale anandigunda ndi ndodo pakatumba kuti ndikhale chete.

Anati, "Alamu, mzere umodzi wokha. Kuyambira apa mpaka pachulu paja. Musabzalepo."

A Mwale anati, "Mlamu, mzere wa fodya ndi mzere wa fodya. Ukasiya umodzi, mawa ngolo idutsa."

"Ngolo yake iti, ya ng'ombe zanu zoonda zija? Mwendo wanga unapondedwa ndi chitsa, simunadandaule chonchi. Masamba khumi a fodya ndiye akhale ndi maliro?"

A Mwale anaseka mpaka anatsamira khasu. Anatembenukira kwa ine. "Madamu, lero mwabwera wapansi?"

Ndinati, "Wapansi, bambo. Nsapato ndi izi."

Anayang'ana mapazi anga, ali mbuu ndi fumbi, chala chikutuluka magazi. Anati, "Ndiye tikhoza kukambirana." Anagwira khasu n'kusalaza mzere umene anali atangounga. Tagwirizana kuti m'mbali mwake tibzale udzu wa vetiva kuti njirayo isamafafanizike, ndipo Lolemba, ndikakusiya kubwalo la ndege n'kupumula Lamulungu, ndikubwerera ndi penti. Muvi uja utembenuka mvula yoyamba isanagwe. Lipoti nalo ndalilembera kalata yolikonza, ili pa tebulo la abwana anga kuyambira m'mawa uno. Kaya anena chiyani, kaya za mafomu anga a chaka chamawa zikhudzidwa, tiona. Mtima wanga wapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Ndiye mwanawe, usagwe mphwayi kuti maziko a kafukufuku wako agwedezeka. Ine ndikuona kuti wapeza kafukufuku weniweni! Tangoganiza: m'zigwa za Dowa ndi Ntchisi muli midzi ingati imene ili ndi mzere wa mu ofesi, komanso njira ina imene amayi amaidziwa okha? Ndani anaziyendapo zonsezo n'kuzilemba? Palibe amene ndikumudziwa. Ukaphunzire zonse zimene ali nazo kumeneko, za mitambo, za kuyeza madzi, za mapu a makina, ukabwere nazo zonse, usasiyeko ndi kamodzi komwe. Kenako iwe ndi ine tidzavale nsapato zafulati, tidzayambe mudzi ndi mudzi. Ndikulemba apa cholembera chikuchita kuthamanga ndi changu. Bambo ako angosuzumira pawindo akuti, "Mabuleki, amake Tala." Aiwale.

Zing'onozing'ono ndi izi, poti mayi salephera. Jeketelo uzivala, kumeneko kuzizira kwake si kwa Juni wa ku Dowa kuno ayi. Uzidya, osamangomwa khofi. Ukafika pogona, tsiku loyamba lomwelo ufufuze khomo lotulukira moto ukabuka, ndipo utsike masitepe ake ndi miyendo yako, osangowerenga kapepala ka pakhoma. M'kalasi uzikweza dzanja, usachite manyazi ndi Chingerezi chako cha ku Dowa, anzakowo zigumula amaziona pa kanema, iwe unaumitsapo makope padzuwa. Akakuchemerera kwambiri uzidzifunsa ngati palibe amene wayang'ana pansi, monga abambo aja pa mapu anga. Munthu akadzakuuza kuti tiganizirepo kaye, tseka laputopu, umutenge mukayende awiri. Zachibwenzi sindinenapo, unandimva kale, ndipo umboni wa zimene zimachitika munthu akafulumira pa nkhani imeneyo ndi iweyo, ngakhale sindinadandaulepo tsiku ndi limodzi lomwe. Uziimba foni Lamulungu tikaweruka kutchalitchi.

Chomaliza, ndipo ichi ndi pempho osati langizo. Ukakumana ndi pulofesa wokuyang'anira, usakachotse mapu anga mwakachetechete monga ndikanachitira ine. Ukawaonetse. Ukanene kuti mzere uwu ndi wolakwika, wolemba wake sanayende njirayo ndipo anabisa zotsatira zake. Akakafunsa kuti ukudziwa bwanji, ukati ndi mayi anga, andiuza okha. Usandiphimbe, mwanawe. Wina m'kalasimo, wochokera kudziko lina la mapiri, mwina ali ndi kadontho kake kobiriwira kamene akufuna kukadutsitsapo mzere.

Kuseri kwa kalatayi ndamatako pepala lina. Ndi tsamba la m'kope langa, koma wojambula si ine. Titafika pasukulu dzulo ndinatulutsa cholembera kuti ndilembe njirayo, a Nachisale n'kundilanda. Anati, "Inu munajambula kale, tinaona." Anakhala pakhonde la kalasi, mwendo uja atautambasula, kamtsikana kawo kaja kanapulumuka m'nsungwi kakusuzumira pawindo la Sitandade 1, n'kujambula okha. Ndi mapu okhotakhota. Chigayo chachita kukula kuposa phiri. Pamene pali kamsitu sanajambulepo kanthu, anangosiya poyera, ndipo nawenso upasiye choncho. Pansi pake anasindikiza chala ndi inki ya cholembera changa.

Pa tsamba lachitatu paja, pamene unalemba dzina langa, ukafufute ulembepo lawo. Ndinawafunsa ngati akulola. Anati, "Alembe, bola alembe bwino. Ndipo mumuuze kuti akadzabwera ndi digiri yakeyo asadzafikire kusukulu. Adzandipeze pamphambano, tidzayambire pamenepo. Adzayenda pambuyo panga."

Ndawalonjeza kuti udzabwera. Pita, Tala, thamanga ndithu, ndege sidikira. Koma ukadzatsika, pamphambano pali mayi wa ndodo akukuyembekeza.

Ndine mayi ako,
Nabanda, amene kwa Kafumbe amati Madamu Fulumirani